MANDA A NKHULI

M'nyengo ino ya masika, pamene nkhokwe zadzala ndi mtedza uli kuuma pabwalo, tifuna kulankhula nanu za cinthu cimene ticita tsiku ndi tsiku osalingirirapo, ndico kudya. Wina adzati, Kodi mphunzitsi wasowa mau, kuti afike ndi ku mafuwa a akazi? Iai, mau sitinasowe. Koma Buku Lopatulika lomwe lifika kumeneko kawiri kawiri, ndipo ambiri a m'menemo sanagwe pankhondo ai, anagwa pambale.

Kumbukilani ana a Israyeli m'cipululu, monga tiwerenga pa Numeri 11. Njala analibe. M'mawa anali kutola mana, nawasinja mumtondo monga acita amai athu, nawaphika, ndipo anali okoma. Koma mitima yao inabwerera ku Aigupto, ku nsomba ndi mavwende ndi anyezi. Zikoti za akapitao ndi kuumba njerwa kuja anaziiwala. Analira nyama. Nthenda imeneyi ife tiidziwa dzina lace, ndiyo nkhuli. Mulungu anawapatsa zinziri zosawerengeka, ndipo iwo anazikusa masiku awiri ndi usiku womwe, osapumula. Koma asanathe kuzidya mliri unawagwera, ndipo malo aja anawacha Kibroti-hatava, ndiko kunena manda a cilakolako.

Tsono tisiyanitse njala ndi nkhuli. Njala idza pang'ono pang'ono, nilandira ciri conse, mbatata, maungu, ngakhale mkute. Agogo athu amene anaona njala ya 1949, ndi ife amene tinaona ya 2002, tidziwa kuti wanjala safunsa ndiwo. Koma nkhuli idza modzidzimutsa, pakumva pfungo la kanyenya pamsika, nifuna cinthu cimodzi cokha. Ikhoza kugwira ngakhale munthu amene wangosamba m'manja atakhuta. Ukaipirira kanthawi, ndi kumwa madzi, ndi kutembenukira ku nchito yako, ileka yokha. Esau sanaipirire: anacokera kuthengo wolema, naona mphodza zofiira za Yakobo, nasinthanitsa ukulu wace ndi mbale imodzi. Timseka Esau. Nanga bambo uja amene apungula cimanga m'nkhokwe mwezi wa June, nakagulitsa mobisa kuti akadye yekha cipisi ndi nyama paciwaya, ndipo pofika February ana ace agonera phala la madeya, ameneyo timuche ndani?

Koma tisanamizire Mulungu kuti adana nako kukoma. Iye ndiye anaika kutsekemera mu uci ndi mumzimbe, ndi pfungo m'bowa, natipatsa lilime lakuzindikira zonsezi. Mkristu wakudya ndi nkhope yatsinya, ngati alikumwa mankhwala, salemekeza Wopatsayo. Coipa ndico kudya osayamika, osaona mnzako, osadziwa polekera. Paja akulu anati, Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Ndipo pano ife aphunzitsi tisabisale. Poyendera midzi mumatiphera nkhuku mwa ulemu wanu, ndipo si kamodzi kokha tatha nthuli zonse, ana a mwini nyumba ali kusuzumira pakhomo kulindira mafupa. Tacita manyazi pokumbukila.

Thupi nalonso licita umboni. Nthenda ya shuga ndi ya kuthamanga kwa mwazi, zimene kale tinaziyesa za anthu olemera a m'tauni, tsopano zafika m'midzi mwathu. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza m'caka ca 2012 kuti munthu wamkulu asafike magramu 5 a mcere pa tsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndiwo zonse za tsikulo. M'caka ca 2015 linalangizanso za shuga, kuti asapitirire masupuni ang'ono 12, ndi kuti theka lace liposa kukoma. Werengani nokha: botolo limodzi la zakumwa zotsekemera zogula liri ndi masupuni ngati 8, ndipo ambiri a ife tithira atatu m'kapu imodzi ya tiyi.

Mankhwala a nkhuli sali kutali ai, ali mumphika wa pakhomo. Wophika yekha aona ndi maso ace mcere umene athira ndi mafuta amene atsanulira. Koma wogula pamsika sadziwa masiku amene mafuta a m'ciwaya akhala akuwira. Ndiponso nkhuli ikula m'nyumba imene ndiwo ziri zimodzimodzi masiku onse, zophikidwa mothamanga, madzi ndi mcere basi. Mwamuna ndi ana akadzuka pamphasa osakondwa, mtima wao utsalira kumsika. Cifukwa cace tinena kwa inu amai, kukometsa ndiwo si cabe ai, ndiyo nchito yoyenera ulemu. Nkhwani wotendera bwino ndi nsinjiro, nyemba zopsa ndithu za tomato ndi anyezi, futali wa mbatata, usipa pang'ono pa tsiku lina: zotere zitontholetsa lilime, ndipo ndalama itsala m'nyumba. Cisoso ndi bonongwe tazipeputsa cifukwa zimera zokha, monga Aisrayeli anapeputsa mana cifukwa sanawalime. Masamba musawaphe ndi soda wambiri, pakuti aononga zolimbitsa thupi za m'menemo. Ndipo futsani tsopano, akali ambiri, kuti mfutso ukakuthandizeni m'cilimwe.

Za ufa tinene pang'ono, ngakhale tidziwa kuti ena sadzakondwera. Pokonola ndi kubviika cimanga kuti ufa uyere, mphamvu yambiri ipita ndi madeya, ndipo tiipatsa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa tiuyesa wa amphawi, koma ndiwo ukhalitsa m'mimba, ndipo woudya sayamba msanga kufunafuna mandasi.

Pakudya musathamange ngati pali wokupitikitsani. Mimba icedwa kuuza mutu kuti yakhuta, ipita mphindi ngati 20. Wakumeza mbamu osatafuna apitirira muyeso asanadziwe. Pemphero la pa cakudya lisakhale mwambo wa pakamwa pokha: liimitsa dzanja, kuti maso aone cimene ciri m'mbale ndi anthu amene akhala pozinga. Ana ang'ono muwapakulire m'mbale yaoyao, pakuti podya pamodzi ndi akulu manja ao acedwa, natsala ndi msuzi wokha.

Ndipo inu abambo, musati izi nza akazi. Dimba la ndiwo, mtengo wa papaya ndi khola la nkhuku zilindira manja anu. Ndipo mai akadwala, kugwira mthiko sikucotsa ulemu wa munthu. Pa Yohane 21 tiwerenga kuti Ambuye atauka kwa akufa anaimirira m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya mbanda kuca, ophunzira ace atacezera usiku wonse osakola kanthu. Pofika kumtunda anapeza moto wamakala wayaka kale, nsomba iri pamoto, ndi mkate pambali. Anawauza atengeko zina mwa nsomba 153 zimene anakola pa mau ace, nawagawira ndi manja ace omwe aja anakhomedwa. Anayamba wawadyetsa, ndipo atatha kudya ndi pamene anatembenukira kwa Petro, namfunsa katatu ngati amkonda.