Musalekere pa Katatu

Malemba a sabata ino: 2 Mafumu 13, Miyambo 12:27, Marko 6:30-32

 Abishopu andituma kuti uthenga wa sabata ino ndilembe ine.

Lamlungu lapitali titaweruka, m'bale wina anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Dzina sinditchula. Anati, "Abusa, ine ndatopa. Makalata ofunsira ntchito ndaponya, kusala kudya ndasala, kumapemphero a usiku sindijomba. Chino ndi chaka chachitatu. CV yanga ndangoipinda, ili pansi pa matiresi." Nditamuyang'ana m'maso ndinaona kuti munthuyu sakuchita nthabwala. Ndikudziwanso kuti sali yekha. Ena mukuwerenga panopa muli ndi chanu chimene munachiika pansi pa matiresi: kantemba kamene kanagwa, mayeso amene munalephera kawiri, mwana amene mwamupempherera mpaka mawu anatha.

M'chinenero chathu mawu oti "kusaka" timawagwiritsa ntchito pawiri. Mlenje amasaka nyama, ife timasaka ntchito, lendi ndi fizi ya ana. Chitsekereni mgodi wa mtovu mu 1994, mabanja ambiri a mu Kabwe muno akhala alenje a m'tauni, kudzuka m'mawa osadziwa ngati madzulo abwera ndi kanthu. Ndikati alenje sindikunena abale athu a Chilenje a kwa Chipepo ndi kwa Liteta ayi, ndikunena osaka nyama. Ndiye lero tiyeni tiphunzire kwa munthu wa uta ndi mivi.

Agogo anga aamuna, kumudzi kwathu kufupi ndi Katete, anali mlenje wa uta. Mfuti analibe. Uta wawo unkakhala kudenga, wakuda bii ndi utsi ndi mafuta. Mivi inali ya bango, nsonga yake yachitsulo chosula, kumbuyo nthenga. Ndili mnyamata ndinkapita kumeneko pa holide, ndipo chimene chinandidabwitsa ndi ichi: masiku obwera chimanjamanja anali ochuluka kuposa masiku obwera ndi nyama. Ankachoka kusanache, mame ali thoo, n'kubwera dzuwa litapendeka, phodo lili pamsana, m'manja mulibe kanthu. Agogo aakazi osafunsa n'komwe, ankangotereka chigwada. Mawa lake mdalayo wanyamukanso.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Agogo, kodi simutopa?" Anaseka, amvekere, "Iwe mdzukulu wanga, lero sindinaphe, koma ndaona pamene gwape amamwera madzi. Dzulo sindinkapadziwa."

Sungani mawu amenewo. Tsopano tsegulani 2 Mafumu 13.

Mneneri Elisa akudwala nthenda imene anafa nayo. Yoasi, mfumu ya Israyeli, wabwera kudzamuona ndipo akulira. Kuti timvetse mtima wa mfumuyi tiyambire pa vesi 7. Aaramu anali atapondereza Israyeli kwa zaka zambiri, moti bambo ake a Yoasi, mfumu Yehoahazi, anangotsala ndi apakavalo 50, magaleta 10 ndi asilikali oyenda pansi 10,000. Yoasi anakulira m'nyumba yozolowera kugonja. Ambiri a ife nyumba yotere timaidziwa, eti?

Elisa anamuuza kuti atenge uta ndi mivi. Mfumu itagwira uta, mkulu wodwalayo anasanjika manja ake pa manja a mfumu. Anatsegula zenera la kum'mawa, mfumu n'kuponya muvi, ndipo mneneri analengeza kuti muviwo ukuimira chipulumutso cha Yehova ndi kugonja kwa Aaramu ku Afeki. Kenako anamuuza kuti atenge mivi yotsala alase pansi. Sanamuuze kuti kangati. Yoasi analasa kamodzi, kawiri, katatu, basi n'kuleka. Munthu wa Mulungu anapsa mtima. Anamuuza kuti akanalasa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi akanawatheratu adaniwo, koma tsopano adzawagonjetsa katatu kokha. Pitani pa vesi 25 muone: Yoasi anagonjetsa Benihadadi mwana wa Hazaeli katatu, n'kulanditsa midzi ya Israyeli. Katatu ndendende.

Abale, lonjezo linali litaperekedwa kale pazenera paja. Mivi inalipo. Mneneri anali pomwepo. Chimene chinachepa ndi mtima wa woponyayo. Iye anachita zongokwaniritsa mwambo kuti mkulu wodwala asakhumudwe, ndipo malire a chigonjetso chake anadziikira yekha. Nenani Amen ngakhale zikuwawa.

Ndiye munthu amatani kuti mtima usafe pamene masiku a chimanjamanja achuluka? Ndikupatsani zimene ndinaona kwa agogo.

Choyamba, muvi wophonya amakautola. Agogo akaphonya sankausiya muvi kutchire, chifukwa nsonga yachitsulo inali yodula ndipo bango lowongoka bwino silipezeka paliponse. Ankaufunafuna m'udzu mpaka aupeze. Akaupeza ankauzunguza m'manja, kuuyang'ana ngati wapindika, ngati nthenga yasosoka. Ankafunanso kudziwa chimene chalakwika: kodi ndinaponyera patali? Kodi mphepo inanditembenukira? Uta si mfuti. Umafuna kuti uyandikire nyama mpaka uziona khutu lake likugwedera. N'chifukwa chake ankayenda ndi kaphulusa m'kansalu, kukagwedeza pang'ono kuti aone kolowera mphepo, fungo lawo lisafike kwa nyama.

Inu mukakanidwa ntchito mumatani? Ambiri timangoti ndi mizimu yakumudzi, n'kumanga ziwanda usiku wonse. Nkhondo yauzimu ilipo, sindikukana, ndipo timaimenya. Koma mukatha kupemphera katoleni muvi wanu muuyang'ane. Mwina kalata ija ili ndi zolakwika. Mwina mukuponyera patali, kungotumiza pa WhatsApp kwa anthu amene sanaonepo nkhope yanu. Yandikirani. Pitani nokha, mwasamba, mukapereke moni. Mwina luso limene muli nalo lachepa. Kabwe Institute of Technology ili mu tauni momwe muno, ndipo ndalama za CDF zili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Kafunseni ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndichenjezeko anyamata athu. Kubetcha mpira pa foni ndi kuponya mivi m'tchire usiku, maso ali chitsinzire. Phodo limatha, ndiwo osaoneka. Ndalama ya chilimba imene amayi anu akupatsani kuti muyambire geni si yoti mukaponye kumeneko.

Chachiwiri, nyama yolasidwa siigwa pomwepo. Alenje akale ankapaka ulembe kunsonga kwa muvi. Kuchigwa cha Shire ku Malawi, Amang'anja ankaupanga ndi njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mu Zambezi kuyambira 1858 mpaka 1863, anatolako kombeyo. Tsiku lina mswachi wake unakhudzana naye m'thumba, ndipo atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, n'kuona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Patapita zaka, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapangamo mankhwala a mtima. Mwamva pamenepo? Ulembe umagwira ntchito mkati, pa mtima, pamene maso saona. Nyama ikalasidwa imadumpha n'kuthawa ngati palibe chachitika. Mlenje wachibwana amati ndaphonya, n'kubwerera kumudzi. Wodziwa amagwada pansi, kufufuza kadontho ka magazi pa tsamba, udzu wothyoka, phazi lokoka, n'kulondola mwakachetechete, nthawi zina mpaka dzuwa kulowa.

Ndikuuzeni zanga. Nditamaliza dipuloma yanga ya zaumulungu ndinakhala nthawi yaitali ndilibe cholowa. Ndinapita ku intavyu pa ofesi ina, anati tidzakuimbirani. Padutsa sabata ziwiri, zii. Ndinakwiya, ndinati basi andikana. M'masiku omwewo foni yanga inatayika, ndinagula nambala ina, koma kubwererako kukawauza ndinaona ngati ndikudzitsitsa. Patapita miyezi ndinakumana ndi mmodzi wa mabwanawo pamsika. Anati, "Akulu, munapita kuti? Tinakufunani sabata yathunthu, nambala yanu osapezeka, tinatenga wina." Abale, ndinafika kunyumba osadya. Muvi unali utalasa. Amene sanalondole magazi ndi ine. Miyambo 12:27 imakamba za waulesi amene nyama yoti wagwira kale amalephera kuiwotcha, ndipo tsiku limenelo vesi ija inandiloza chala.

Pali mapemphero ena amene munapemphera chaka chatha amene akugwira ntchito mkati panopa. Mwamuna uja akuonekabe wouma mtima, mwana uja akuthawabe, koma simukudziwa chimene Mzimu Woyera akuchita pa mtima pake. Musamalengeze kuti mwaphonya pamene simunagwade n'komwe kuyang'ana pansi.

Chachitatu, uta umafuna kupuma. Agogo akafika kunyumba ankakhwefula nsinga, kupaka mtengowo mafuta, n'kuupachika. Ankati uta wokhala chikokere umazolowera kupindika, tsiku lofunika suponya patali. Ena a inu simunataye chikhulupiriro, mwangotopa thupi. Mukusala kudya masiku ambirimbiri muli pa mankhwala a BP kapena shuga, usiku osagona, m'mawa pa mzere wa maganyu. Pa Marko 6, ophunzira atabwerako ku utumiki, anthu anachuluka moti analibe mpata ngakhale wakudya, ndipo Yesu mwini anawatenga m'ngalawa kupita nawo kwa okha kuti akapume. Ngati Ambuye anapumitsa atumwi, inu ndinu yani? Idyani, gonani, sewerani ndi ana anu. Amene muli pa mankhwala, musayambe kusala kudya musanalankhule ndi a kuchipatala komanso Abishopu. Kukhwefula nsinga n'kosiyana ndi kuthyola uta. Wokhwefula amadziwa kuti mawa kuli ulendo.

Chachinayi, kumbukirani uzimba. Nyama zikavuta, mudzi wonse unkatuluka, ena ndi agalu, ena ndi maukonde, ena ndi mauta, ena ongokuwa kuti nyama ithawire kwa anzawo. Pogawana, aliyense ankapita kwawo ndi kanthuli. Yoasi naye muvi woyamba uja sanauponye yekha, panali manja a Elisa pamwamba pa manja ake. Satana amakonda mkhristu amene wasiya kubwera ku selo chifukwa cha manyazi oti alibe chopereka. Bwerani chomwecho. Ndipo inu amene Mulungu anakutsegulirani khomo, kaya ku njanji, kaya ku chipatala, kaya muli ndi shopu m'tauni, mukamva kuti pakufunika munthu, kuwani kuti abale amve. Nyama ya uzimba sadyera kuchipinda.

Ndinenenso izi poyera, kuti wina asadzanamizire tchalitchi. Sindikutuma munthu kukasema uta n'kulowera ku Lukanga kapena ku Kafue National Park. Masiku a agogo anapita. Lero lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limaletsa kusaka nyama popanda chilolezo, ndipo mukagwidwa Abishopu adzangobwera kudzakuonani ku Mukobeko. Tatengako phunziro lokha.

Sindikulonjezani kuti Lachisanu lino nonse mulandira makalata a ntchito. Agogo anali katswiri, komabe masiku ambiri tinkadya chigwada. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu amene anapereka lonjezo pazenera la Elisa sanasinthe, ndipo sindikufuna kuti tsiku lina mudzamve kuti munalekera pa katatu pamene m'phodo munali mivi ina.

Zochita sabata ino

Tengani pepala mulembe chinthu chimodzi chimene munachileka chifukwa chotopa. Pansi pake lembani zinthu zitatu zimene muchite lisanafike Lamlungu: kalata imodzi yokonzedwanso, khomo limodzi loti mukagogode nokha, foni imodzi yolondola kumene munafunsirako kale. Yoasi analekera pa 3, inu mufike pa 6. Uzani m'bale kapena mlongo mmodzi wa mu selo yanu kuti adzakufunseni Loweruka ngati mwachita.

M'bale wa CV ya pansi pa matiresi uja ndamuuza kuti abwere nayo Lachitatu tisanayambe mapemphero a madzulo, tidzakhale pansi tiikonze. Aliyense amene ali ndi yake abwere nayo, ngakhale yolemba pamanja.

Tiyeni tipemphere

Atate wakumwamba, mukuwadziwa ana anu amene manja awo alefuka. Mukudziwa makalata amene sanayankhidwe ndi misozi ya usiku imene sitiuza munthu. Tikhululukireni pamene tinaleka msanga, n'kumati ndinu mwatikana. Sanjikani dzanja lanu pa manja athu monga Elisa anachitira ndi mfumu ija. Tipatseni maso oona kadontho ka magazi pa tsamba, nzeru zokonza muvi wopindika, ndi tulo tabwino usiku. Mzimu wa kutaya mtima tikuukana m'nyumba za mu Natuseko, m'dzina la Yesu Khristu. Amen.

Mukawerenga, tumizirani wina amene mukudziwa kuti uta wake waupachika. Tionana Lachitatu.

Wanu mu utumiki,
Wothandizira Abishopu