Kodi Kufunsa Dotolo ndi Mwano?

Makolo athu anatiphunzitsa kuti mwana waulemu sabwezera mau kwa akulu, ndipo mwambo uwu ngwabwino. Koma ambiri apita nao ku cipatala, nakhala cete pamaso pa dotolo, nabvomera mau amene sanawamvetse. Abwerera kumudzi mankhwala ali m'manja, osadziwa dzina la nthenda yao. Kodi umenewu ndi ulemu, kapena mantha?

Abale, tiganizire bwino. Dotolo anaphunzira za matupi a anthu onse, koma ululu wa m'thupi mwanu muudziwa ndinu. Mukabisa kuti munayamba mwamwa mizu ya sing'anga, kapena mai akabisa kuti ali ndi pakati, dotolo asocera, napereka mankhwala amene angabvulaze. Kukhala cete kotere kufanana ndi bodza.

Kufunsanso kupulumutsa moyo. Munthu wotsokomola masabata 2 ayenera kupempha kuti ampime makhololo, pakuti cingakhale cifuwa cacikulu, cimene mankhwala ace amwedwa miyezi 6 osadukiza. Mankhwala a malungo ochedwa Coartem amwedwa kawiri pa tsiku, masiku 3. Wosafunsa aleka tsiku laciwiri poona kuti thupi lazizira, ndipo malungo abweranso. Asanakucekeni pa opaleshoni akupemphani dzina kapena cidindo ca cala, cifukwa thupi ndi lanu. Musadinde musanamve cimene adzacita.

Wina adzati: anamwino ngocepa, mzere ngwautali, nanga ndiwatayirenji nthawi? Mauwa ali ndi coonadi, ndipo cikondi citiuza kukumbukira ali kumbuyo kwathu. Cifukwa cace konzani mafunso anu muli panjira: Ndidwala ciani? Mankhwalawa ndimwe motani, kufikira liti? Ndikaona ciani ndibwerenso msanga? Akalankhula Cingerezi, pemphani womasulira. Wokalamba ndi wofooka apite ndi mbale womlankhulira.

Kumbukirani Bartimeyo wakhungu wa ku Yeriko (Marko 10). Anthu anamdzudzula kuti atonthole, koma iye anapfuulitsa, ndipo Ambuye sanamuyese wamwano. Anamuitana namfunsa cimene afuna. Mwano ndiwo kunyoza namwino wotopa. Kufunsa mofatsa ndiko kudzicepetsa, pakuti wofunsa abvomera kuti sadziwa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Moyo tinaubwereka kwa Mulungu. Tisautaye cifukwa ca manyazi.