Zala Khumi, Mitima Inayi

Kodi munthu wotumidwa ndi uthenga ali ndi ufulu woukometsa mpaka pati? Funso limeneli lakhala likundivuta kuyambira tsiku lomwe ndidamvetsera nyimbo ina ya piyano, kenaka n'kudziwa nkhani yomwe idaibala.

M'chaka cha 1851, mumzinda wa Venice ku Italy, anthu adaonera koyamba Rigoletto, opera ya Giuseppe Verdi. Opera ndi sewero lomwe ochita ake amayimba m'malo moyankhula. Chakumapeto kwa seweroli anthu anayi amayimba nthawi imodzi, aliyense za kumtima kwake. M'nyumba ya alendo, mfumu ya ku Mantua ikunyengerera Maddalena ndi chikondi cha pakamwa, iye akungoseka poti amuna otere amawadziwa. Panja pali Gilda, mtsikana amene mfumuyo idamunamiza, akusuzumira pamng'alu wa khoma uku akulira. Pambali pake bambo ake, Rigoletto, akulumbira kuti abwezera. Usiku womwewo Gilda aphedwa, atasankha kufa m'malo mwa womunamizayo.

Mu 1859 Franz Liszt, katswiri wa piyano wa ku Hungary, adatenga chigawo chimenechi n'kuchikonza kuti munthu mmodzi achiyimbe ndi zala khumi. Nthawiyo kudalibe makina osunga mawu n'kuwabwereza, pakuti Thomas Edison adapanga ake mu 1877. Ambiri amene sankafika kunyumba ya zisudzo ankamva nyimbo za opera kudzera pa piyano. Choncho Liszt adali mthenga.

Koma piyano ilibe lilime. Mawu onse adatsala m'njira, ndipo chomwe chimalamulira nyimbo ya Liszt ndi mayimbidwe okoma a mfumu yabodza ija, atavekedwa zokometsera zochuluka. Kusisima kwa Gilda kulimo ndithu, koma kwa munthu wosadziwa nkhani kumangomveka ngati kukoma kwina. Womvera amachoka akuganiza kuti wamva chikondi chenicheni. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye tinene kuti Liszt adanama? Ena angamuikire kumbuyo, ndipo ali ndi mfundo. Iye sadabise kuti nyimboyo idachokera kwa Verdi, komanso ambiri mwa omvera ake nkhaniyo ankaidziwa. Verdi mwiniwake ndiye adapatsa wabodza nyimbo yotsekemera kuposa ya onse, podziwa kuti bodza silibwera litakwinya nkhope. Ine mlandu sindiupeza mwa Liszt, chifukwa sewero la Verdi lidakalipo, ndipo wofuna misozi ya Gilda angathe kukaipeza. Mlandu umayamba pamene mthenga ndiye yekhayo wotsala ndi nkhani.

Apa ndi pamene funsoli limandikhudza ine mwini. Kuntchito kwanga m'boma ndimalemba maminitsi a misonkhano. Anthu anayi amatha kukangana mpaka dzuwa kupendeka, wina kukwiya, wina kuchenjeza za ngozi, ine n'kulemba mzere umodzi wosalala wakuti adagwirizana. Kawirikawiri mawu otsala papepala amakhala a wamkulu, pomwe a wodandaula amasanduka zokometsera. Amene adzatsegule failo imeneyo patapita zaka khumi sadzakhala ndi kwina kokafunsa.

Nyimbo ya Liszt ndimaimverabe, ndipo imandikomerabe. Koma masiku ano ndikagwira cholembera pamsonkhano, ndimayamba ndafunafuna amene waima panja pa khoma, kuti naye alowe m'maminitsi ndi mawu akeake.