Kabingu ka m'Dzanja la Munthu

Kachipangizo kamene kamachititsa bomba kuphulika, pa Chingerezi amakatcha detonator. Mauwa adachokera ku Chilatini, detonare, ndipo muzu wake ndi tonare, ndiye kuti kugunda kwa bingu. Aroma akale ankatchula mauwa poyang'ana kumwamba. Ife tidawatsitsa pansi, nkuwapatsa kanthu kochepa ngati chala.

Mu 1847 Ascanio Sobrero wa ku Turin adatulukira nitroglycerine, madzi amphamvu zoopsa koma osamvera munthu: ankaphulika osafunsidwa, ndipo pamene awafuna, moto wokha sunkawadzutsa bwino. Mu 1864 adapha Emil, mng'ono wake wa Alfred Nobel, ku Stockholm. Mu 1865 Nobel adakonza kachibekete kachitsulo kokhala ndi mankhwala otchedwa fulminate, dzina lochokera ku fulmen, mphezi. Kachibeketeko kakaphulika, kugwedeza kwake kumadzutsa mphamvu yonse imene idagona. Dainamaiti, imene Nobel adailembetsa mu 1867, munthu angathe kuinyamula ili chete kufikira kanthu aka kataiyankhula.

Tsono funso nali, abale anga: mlandu ngwa yani, wa chachikulu chimene chaphulika kapena wa kakang'ono kamene kachidzutsa? Pa mudzi pamakhala mkwiyo wogona: nsanje, malire a munda, maliro osamvetseka. Wina nkungonong'ona kuti gogo uje ndi mfiti. Mawa lake nyumba yapsa, nkhalamba yagendedwa, wonong'ona uja nkumati, "Ine mwala sindidaugwire."

Zoonadi, anthu si wonga. Ali ndi nzeru ndi ufulu, ndipo aliyense woponya mwala adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Komabe zimenezi sizimasula wonong'onayo, pakuti mkwiyo uja akadausiya, mwina ukadagona mpaka kuzirala. Yakobo Woyera, m'mutu 3 wa kalata yake, akuyerekeza lilime ndi kamoto koyatsa nkhalango. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 akuphunzitsanso kuti timagawana nawo machimo a ena tikawalamula, kuwalangiza kapena kuwayamikira pa choipacho. Kuchepa kwa mau sikuchepetsa mlandu ngati wowanena ankadziwa pamene akuwaponya.

Wophulitsa miyala mu mgodi sayatsa asanachenjeze anzake ndi kuona kuti onse atuluka. Nafenso tisanatsegule pakamwa pa anthu okwiya, tiyambe tadzifunsa kuti mau athuwo akagwera yani.