Khotekhote ngwa njoka, tsata kumene kwaloza mutu

Njoka siyenda mowongoka. Thupi lake limapita uku ndi uku, ndipo amene wapenyetsetsa thupilo sangadziwe kumene ikulowera. Akuluakulu ankautchula mwambiwu pabwalo la milandu, wina akayamba kuchulutsa gaga m'diwa mpaka anthu kuiwala chimene asonkhanira.

Lamulo la mumpingo nalonso lili ndi mutu wake, ndiye chifukwa chimene analiikira. Sabata linaperekedwa kuti munthu apume, wantchito apume, ng'ombe ndi bulu zipume. Koma pa Luka 13 timamva za mkulu wa sunagoge amene anapsa mtima Yesu atachiritsa pa Sabata mayi wopindika msana kwa zaka 18. Mkuluyo lamulo ankalidziwa bwino lomwe, sanaphonye n'kamodzi komwe pakawerengedwe ka masiku. Yesu anangomukumbutsa kuti anthu omwewo amamasula ziweto zawo pa Sabata kukazimwetsa madzi. Nanga mayiyu ndiye adikire mawa?

Kwathu kuno zinachitikanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Mishoni ya Livingstonia sinkabatiza munthu mwachisawawa. Wofuna ubatizo ankayamba kalasi ya omvera, n'kulowa ina ya okonzekera ubatizo, ndipo zaka zinkatha ali pamzere. Cholinga chinali chabwino ndithu: Mkhristu azidziwa chimene akuvomereza. Koma obatiza anali ochepa, ofuna ubatizo pakati pa Atonga anali khamu. Mu 1908 Elliot Kamwana, yemwe anaphunzirapo kumishoni komweko, anabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower chimene anachimva kwa mmishonale Joseph Booth, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay boma la atsamunda lisanamuchotseko mu 1909. Sindikhulupirira kuti onsewo anakopeka ndi chiphunzitso chatsopanocho. Ambiri anangotopa n'kudikira. Chodabwitsa n'chakuti anthu oti n'kuthandiza ntchitoyo analipo. Charles Domingo anali atamaliza maphunziro a ubusa kalekale, koma sanadzozedwe mpaka anachoka, ndipo abusa oyamba achikuda kumishoniko anadzozedwa mu 1914.

Mwambiwu sukunena kuti malamulo atayidwe, pakuti njoka yopanda thupi kulibe. Mpingo wopanda dongosolo umasanduka munda wa aliyense wofuna kukolola zopereka.

Lero mayeso aakulu amabwera pamaliro. Munthu wamwalira, khadi lake la zopereka lili ndi miyezi yosalembedwa, kapena anadulidwa mgonero zaka zapitazo osabwezeretsedwa, ndipo akulu a mpingo agwirizana kuti malirowo sawaimbira. Womwalirayo chilangocho sachimva. Amachimva ndi mayi wamasiye amene wakhala akusesa m'tchalitchimo, ndi ana amene akuona kwaya ya mpingo wina ikugonera pasiwa pa bambo awo usiku wonse.