Ndi katuni chabe, ndani wavulala?



Amene munaonera Demon Slayer mukumudziwa Nezuko. Mayi ake ndi abale ake ataphedwa, iye anasanduka chiwanda, koma mchimwene wake Tanjiro anakana kumutaya. Amamubereka kumsana m'kabokosi kuti dzuwa lisamuwotche, ndipo mtsikanayu amaluma kansungwi kuti asadye munthu. Nkhaniyi analemba ndi Koyoharu Gotouge, ndipo inkatuluka ku Japan kuyambira 2016 mpaka 2020.

Sabata yatha mnzanga wina anandionetsa pa foni chithunzi cha Nezuko chojambulidwa ndi munthu wina wokonda anime. Anamuvula, kumuika thupi la mzimayi wamkulu. Mtima unandiwawa, ndinamuuza kuti izi sizabwino. Iye kuseka. "Aise, ndi katuni chabe. Ndani wavulala?"

Funso limeneli silopusa ayi, landisowetsa tulo. Nezuko samva manyazi, sangalire. Komanso zoti okonda anime azijambula okha anthu a m'nkhani si zachilendo. Ku Tokyo kuli msika wotchedwa Comiket, unayamba mu 1975, komwe anthu amagulitsa timabuku todzilembera totchedwa doujinshi. Ngakhale a CLAMP, amene anapanga Cardcaptor Sakura, anayambira pa timabuku totere. Ndiye tivomereze, Nezuko si wanga. Wina akajambula Tanjiro atakalamba, kapena akasintha mathero a nkhani, ine n'kukwiya, vuto ndi langa. Imeneyo ndi nsanje basi.

Koma chithunzi chija ndi nkhani ina. Nezuko ndi mwana. Nkhani ikamayamba amakhala ali ndi zaka 12, ndipo mbali yaikulu amakhala wa zaka 14. Zoona, papepala palibe wavulala. Amene akusintha ndi wojambulayo, ndi ifeyo oonafe. Diso limaphunzira. Likazolowera kuona mwana ngati chinthu chokhumbira, silinena kuti "uyu ndi wa katuni, uyu ndi weniweni." Mtsikana wa Form 1 amene timakumana naye pa msewu timamuyang'ana ndi diso lomwelo.

Ndiye kuwawa mtima kuja musakuchitire manyazi, koma muzikufunsa kaye: kodi ndakwiya chifukwa andisokonezera nkhani yanga, kapena chifukwa achotsa ulemu pamene umayenera kukhala? Poyamba paja, phunzirani kupirira. Pachiwiripa, musakhale chete.

Kusakhala chete sikutanthauza kukatukwana wojambulayo. Sikutanthauzanso kutumiza chithunzicho ku magulu a WhatsApp kuti "taonani zonyansa izi," chifukwa potero mwachifalitsa ndinu. Osatumiza, osasekerera, ndipo mnzanu mumuuze mwaulemu pamaso.

Mnzanga uja sanafufute chithunzicho, ndisakunamizeni. Koma nditamufunsa ngati angamuonetse mlongo wake wamng'ono, anangobweza foni m'thumba osayankha.