Miriamu anavina ali ndi zaka zoposa 80

Uthenga wa sabata ino ukupita kwa amayi athu amene anasiya kusamba. Abambo ndi achinyamata musaudumphe ayi. Muuwerenge, kenako mukawawerengere agogo amene alibe foni.

Tsegulani Eksodo 15:20. Aisraeli atangowoloka nyanja, Miriamu anatenga lingaka, amayi onse n'kumamutsata akuvina. Munayamba mwawerengerapo zaka zake? Eksodo 7:7 akutiuza kuti Mose anali ndi zaka 80 pamene anakaima pamaso pa Farao, ndipo paja mlongo wake ndi uja anaima chapatali kuyang'anira Mose ali khanda m'bango. Ndiye kuti amene anatsogolera gule tsiku lija anali agogo a zaka zoposa 80, atachezera kuyenda wapansi. Aleluya!

Amayi, ambiri mwa inu munasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55. Nthawi yonse ija munkasamba, m'thupi mwanu munali estrogen wambiri, amene amathandiza kuti mitsempha ya magazi ikhale yofewa. Estrogen akachepa, mitsempha imayamba kuuma, mafuta oipa amachuluka m'magazi, mimba imakula, BP n'kumakwera mwakachetechete. Padziko lonse, matenda a mtima ndi mitsempha ndi amene amapha amayi ambiri kuposa matenda ena alionse.

Tsono taonani zimene timachita kumudzi kuno. Pa msinkhu womwewo ndi pamene timati amayi akula, apume. Kumjigo apita adzukulu. Mtondo unagonja kwa chigayo. Ulendo wa kumsika womwe kale unali wapansi, lero ndi wa njinga yamoto. Nthawi yopalira mumagwira ntchito, zoona, koma tikakolola ena a inu mumatha miyezi muli pamphasa, kusuntha kwake kongothawa dzuwa. Ana inu, ulemu wanu ndi wabwino, koma ulemu wolanda amayi anu ntchito zonse ukuwafooketsa mtima.

A bungwe la WHO amati munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Musachite mantha, ndi mphindi 30 basi kwa masiku asanu. Yendani ndawala, moti kulankhula muzitha koma kuimba kolasi kuzikuvutani. Ngati 30 zachuluka, yambani ndi 10. Kawiri pa sabata limbitsaninso minofu: nyamulani kandowa ka madzi, kapena khalani pampando n'kudzuka osagwira kanthu, kakhumi. Ena amathawira pa 1 Timoteo 4:8, ati Paulo anapeputsa zolimbitsa thupi. Kawerengeni bwinobwino. Iye anaika kupembedza pamwamba, koma sananene kuti enawo ndi masewera achabe. Ndipo amene analemba zimenezo ndi munthu amene anayenda maulendo ataliatali kulalikira.

Pano ndilankhule mosapsatira. BP nthawi zambiri simveka m'thupi. Munthu amaseka m'mawa, madzulo mkamwa mwapotoka, mkono wafa, ife n'kuyamba kulozana zala kuti alodzedwa. Pitani ku kiliniki akakuyezeni. Ngati manambala akumafika pa 140/90 kapena kuposa, mverani zimene anamwino akuuzeni. Ife timakhulupirira machiritso, ndipo tipitiriza kusanjika manja. Koma mukapemphereredwa musakataye mapilitsi kuchimbudzi. Pa Luka 17:14 Yesu mwini anatumiza akhate aja kwa ansembe kuti akawaone. Ngati Ambuye akuchizani, makina a BP achitira umboni, ndipo a chipatala ndi amene akuuzeni zoti musinthe mankhwala.

Mchere nawo muchepetse. Tsiku lonse usafike magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mundiwo zonse. Soda wa mutherere uja nayenso angathe kukweza BP.

Mtima wa mayi ukamadwala, si nthawi zonse pamene pachifuwa pamapweteka kwambiri. Ena amangobanika, kuchita nseru, kutuluka thukuta lozizira, kumva kuwawa kunsagwada, kumsana kapena kumkono, kapena kutopa kosadziwika bwino. Zikatero musadikire kuti m'busa afike. Pezani chokwera muthamangire kuchipatala, ngakhale ku Chadiza kuboma, pemphero lichitikire m'njira. Ndipo inu amene mumabanika kale mukayenda pang'ono, yambani mwakaonana ndi a chipatala musanayambe ndawala.

Sabata ino itanani mnzanu mmodzi, muziyenda limodzi m'mamawa dzuwa lisanatenthe, mukupempherera ana anu ndi mudzi wanu. Lamulungu pa nthawi ya matamando, atsikana mudzasiye malo kutsogolo. Amayi akuluakulu, mudzamange chitenje cholimba, muvale nsapato zosaterera, gule mudzayambitse ndinu. Amen.